Chilonda chinapola koma amuna anga asintha, kodi alodzedwa?

"Adokotala, ndikulemba kuchokera kufupi ndi Lizulu m'boma la Ntcheu. Amuna anga amayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Masabata 6 apitawo anawombana ndi ngolo madzulo akuchokera kumsika, ndipo anamenyetsa mutu pa tala. Analibe helemeti. Anakomoka kuyambira cha m'ma 5 koloko mpaka usiku, kuchipatala anagonako masiku asanu. Chilonda cha pamphumi anachisoka ndipo chinapola bwinobwino. Koma munthu amene ndinabwera naye kunyumba si yemwe uja. Sachedwa kupsa mtima, ana akangosokosera amakalipa, amaiwala zimene tangokambirana kumene, amagona masana onse, ndiwo akuti sizikukoma. Sabata yathayi mutu wayamba kuwapweteka kuposa kale, ndipo Lachitatu usiku anauma thupi n'kuyamba kuphiriphitha, thovu kukamwa, mpaka anadzikodzera. Apongozi akuti anzawo a pasiteji anawalodza chifukwa cha nsanje, akufuna kuwatengera kwa sing'anga. Ena akuloza chala ine. Eni akewo akuti ali bwino, akufuna kubwerera pa njinga chifukwa mwini njinga akufuna ndalama zake. Ndichite chiyani?"

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zakugwerani. Ndagwira ntchito m'zipatala za m'mbali mwa msewu wa M1 kwa zaka zambiri, ndipo mawu anuwo, akuti munthu amene munabwera naye kunyumba si yemwe uja, ndawamva kwa amayi ambirimbiri, ena akulira pabenchi ya kunja kwa wodi ya abambo. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi. Zonse mwatchulazi, kupsa mtima, kuiwala, tulo, ndiwo zosakoma, ngakhale kuphiriphithako, gwero lake ndi limodzi ndipo ndi lodziwika bwino: ubongo wawo unavulala. Inu simunalakwe kanthu. Amuna anu sanaleke kukukondani, ndipo sanachite misala. Ambiri amene anavulala chonchi amapeza bwino pang'onopang'ono.

Komabe m'kalata yanu muli zinthu ziwiri zosafuna kudikira: mutu umene ukunka nupwetekerapwetekera pamene umayenera kumachepa, ndi kugwa khunyu kwa Lachitatu kuja. Ndikukupemphani muwatengere ku chipatala chachikulu cha boma, ku Ntcheu kapena ku Dedza, kumene mungafike msanga, lero lomwe ngati n'kotheka, apo ayi mawa m'mamawa. Musadikire tsiku la msika lidutse, musadikire kuti abale onse agwirizane. Zina ndifotokozezi zikhoza kuyenda modekha, koma ichi chokha ayi.

Inu a ku Lizulu tomato mumamudziwa. Muike tomato wakupsa m'ndowa yachitsulo, mutseke, ndowayo igwe palole. Mukaitola mupeza yangokalika pang'ono kunja. Koma tsegulani muone m'kati: wina waphwanyika, wina wafewa mbali imodzi, wina akuoneka wabwino lero koma mkuja ayamba kuchucha madzi. Chigaza ndiye ndowa ija. Ubongo ndi wofewa ngati peyala lakupsa, umalemera kupitirira pang'ono kilogalamu imodzi, ndipo umakhala m'timadzi m'kati mwa chigazamo. Munthu akamathamanga pa njinga n'kumenyetsa mutu, chigaza chimaima mwadzidzidzi koma ubongo umapitirirabe, umakagunda fupa la kumphumi, n'kubwereranso kukagunda la kunkhongo. Timitsempha tating'onoting'ono tonyamula mauthenga timakokeka, tina timaduka. Zonsezi maso saziona. Chimene abale amaona ndi chilonda chosokedwa chija, ndipo chikauma amati munthu wachira. Khungu la m'mutu limatulutsa magazi ambiri ochititsa mantha koma limapolanso msanga, pakatha sabata imodzi kapena masiku 10 ulusi tachotsa. Ubongo umatenga miyezi.

Mukatsegula kabuku kawo ka kuchipatala mwina mupeza zilembo zakuti GCS ndi nambala monga 11/15. Umenewo ndi muyeso wa Glasgow Coma Scale, umene madokotala awiri, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anaukhazikitsa ku Scotland mu 1974, ndipo timaugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Timaona ngati wovulala akutsegula maso, ngati akuyankhula zomveka, ndiponso ngati akusuntha manja tikamuuza. Munthu wabwinobwino amapeza 15, wokomoka kotheratu amapeza 3. Kuyambira 13 mpaka 15 timati wavulala pang'ono, 9 mpaka 12 ndi kuvulala kwapakatikati, 8 kutsika m'munsi ndi kuvulala kwakukulu. Timayang'ananso nthawi imene munthu anakomoka. Ikapitirira mphindi 30, sitiwerenganso ngati kugunda mutu wamba. Amuna anu anakomoka maola angapo, choncho n'zosadabwitsa kuti mpaka lero sanabwerere mwakale.

Chimene chikundidetsa nkhawa pa mutu ukukulawo ndi ichi. Pakati pa ubongo ndi chigaza pali chikopa cholimba, ndipo pali timitsempha ta magazi todutsa kuchokera pa ubongo kukalumikiza kuchikopacho. Kamodzi kakang'ambika, magazi amatha kumadontha pang'onopang'ono ngati denga lothonya, kwa masabata ngakhale miyezi. Chigaza cha munthu wamkulu sichifutukuka, ndiye magaziwo akachuluka amayamba kupanikiza ubongo. Madokotala amati subdural haematoma. Imakonda okalamba, omwa mowa kwambiri ndi omwa mankhwala osungunula magazi, koma wina aliyense amene anamenyetsa mutu ikhoza kumugwira. Sindikunena kuti amuna anu ali nayo ndithu. Ndikunena kuti mutu wopweteka mowonjezereka, tulo tambiri ndi kugwa khunyu pakatha masabata 6 ndi chithunzi chimene dokotala aliyense ayenera kuiganizira, chifukwa ikapezeka nthawi yabwino imachizika.

Ndimakumbukira agogo ena aamuna a kumapiri a ku Dedza amene anabwera nawo pangolo, atawafunditsa mabulangete awiri chifukwa cha chisanu cha mu June. Ankayankhula zosamveka, mwendo wakumanzere ankachita kuukoka, ndipo m'mbali mwa mutu munali mphini zatsopano zokhala ndi mankhwala akuda. Ana awo anati ndi mkangano wa munda. Ndinafunsa katatu ngati anagwapo, onse anakana. Kamdzukulu kamene kanakhala pakhomo kakukumbatira fulasiki ndi kamene kanati, "Agogo anagwa pankhokwe pofolera, koma anadzuka okha." Panali patatha miyezi iwiri, ndipo akuluakulu onse anali ataiwala. Tinawatumiza ku Lilongwe, anawajambula, anaboola kabowo kakang'ono pachigaza n'kutulutsa magazi akale akuda ngati oyilo wa injini. Tsiku lina ndikulemba mankhwala ndinangomva munthu akuti odi pakhomo la ofesi. Anali agogo aja, akuyenda okha ndi ndodo, ndipo anandifunsa za ana kunyumba.

Palinso kukha magazi kwina kofulumira, kumene owerenga onse ayenera kukudziwa ngakhale amuna anu anadutsa kale nthawi yake. M'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, fupa ndi lopyapyala ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wothamanga magazi. Pakasweka pamenepo, munthu amatha kukomoka pang'ono, kudzuka, kuyankhula bwino, kuseka kumene, kenako pakatha maola ochepa n'kugona tulo tosadzukanso. Izi ndinaziphunzira mowawa ndili wachinyamata pantchito. Usiku wina anabwera ndi mnyamata amene anamenyedwa ndi chibonga kumowa, akununkha kachasu, akutukwana aliyense. Ndinamusoka, ndinati waledzera agone, ndinapita kukaona odwala ena. M'bandakucha nditamuunika ndi tochi, kamwana ka diso limodzi kanali katakula osachepanso ndi kuwala. Anamwalirira mu ambulansi. Kuyambira tsiku limenelo, munthu woledzera amene wamenyetsa mutu ndimamutenga ngati wovulala ubongo kufikira zitaoneka kuti sizili choncho, ndipo ndimamudzutsa pafupipafupi usiku wonse. Mukaona munthu wachita ngozi pamsewu, musamunyamule mwachisawawa ngati thumba la mbatata, chifukwa khosi nalo likhoza kukhala lothyoka. Mmodzi agwire mutu kuti ukhale mowongoka ndi thupi, musamuthire madzi, musamumwetse kanthu, ndipo mufulumire naye. Pali mankhwala otchedwa tranexamic acid ochepetsa kukha magazi, koma amathandiza akaperekedwa maola atatu asanathe.

Tibwerere kwa amuna anu. Mukafika kuchipatala, mulowe nawo limodzi kwa dokotala. Iwo adzati ali bwino, ndipo sadzakhala akunama, chifukwa ubongo wovulala nthawi zambiri sudzidziwa kuti wavulala. Ndinu amene mudzanene zoona zake. Munene tsiku la ngozi, maola amene anakomoka, masiku angati anakhala osazindikira kumene ali, tsiku limene mutu unayamba kukula, ndi mmene kugwa kwa Lachitatu kunachitikira: kunatenga nthawi yaitali bwanji, kunayambira mbali imodzi ya thupi kapena thupi lonse, anadzuka ali bwanji. Adzawayeza mphamvu za manja ndi miyendo, maso, kayendedwe, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi malungo, pakuti malungo ndi kutsika kwa shuga nazonso zimagwetsa munthu. Kenaka mufunse mwaulemu koma momveka kuti, "Kodi sangafunike kukajambulidwa m'mutu?" Mbewa ya manyazi inafera kuuna. X-ray imaonetsa fupa lokha, magazi a m'kati mwa chigaza siyiwaona. Chofunika ndi CT scan, makina ojambula ubongo ndi magazi a m'kati mwa chigaza, imene imapezeka kuzipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, komwenso kuli madokotala ochita opaleshoni ya ubongo. Kuchokera pa Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85. Mukhale ndi kalata yokutumizani yochokera kuchipatala cha boma, imafupikitsa njira.

Pali zizindikiro zimene mukaziona musayembekeze kuti kuche. Akamavuta kudzutsa kapena kumangosinza mukuyankhula nawo, akamasanza mobwerezabwereza, dzanja kapena mwendo ukafooka, kamwa ikapotoka, mawu akamatuluka olemera ngati a munthu woledzera, akamaona zinthu ziwiriziwiri, kamwana ka diso limodzi kakakula kuposa kanzake, akagwanso khunyu, pezani galimoto nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Chimodzimodzinso timadzi toyera tikamadontha m'mphuno kapena m'khutu, makamaka akawerama. Ambiri amati ndi chimfine, koma kakhoza kukhala kamng'alu ka pansi pa chigaza kamene kakutulutsa madzi a muubongo, ndipo pamene madzi akutulukira tizilombo tikhoza kulowera. Thupi likatentha, khosi n'kuuma, ndiye kuti nthenda youmitsa khosi yalowa, ndipo imeneyo siyichedwa kupha.

Za kugwa kuja. Pamene ubongo unavulala pamatsala chipsera, ndipo chipseracho nthawi zina chimasokoneza mphamvu yonga magetsi imene ubongo umagwirira ntchito, monga waya wosupuka amathethekera moto. Kugwa kochitika patadutsa sabata yoyamba ya ngozi kumakonda kubwereza, n'chifukwa chake adokotala akhoza kuwayambitsa mankhwala monga carbamazepine, sodium valproate kapena phenobarbitone. Mankhwalawa amamwedwa tsiku lililonse, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi chifukwa munthu wakhala mwezi osagwa n'kumene kumabweretsa kugwa koopsa. Ngati amamwa ma ARV kapena mankhwala a TB, muwauze adokotala, chifukwa ena mwa mankhwala a khunyu amachepetsa mphamvu ya ma ARV, ndipo amafunika kusankha oyenera.

Zikachitikanso, musawapanikize pansi, musaike supuni kapena chala m'kamwa. Lilime munthu salimeza ayi, koma supuni imathyola mano. Chotsani zinthu zimene zingawapweteke, ikani chitenje chopinda pansi pa mutu, kuphiriphitha kukatha muwagoneke cham'mbali kuti malovu atuluke. Yang'anani nthawi pafoni. Kukapitirira mphindi zisanu, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangani nawo. Khunyu sapatsirana, ngakhale mutakhudza thovu lawo, choncho ana asawathawe ndipo mbale yawo isapatulidwe. Chimene ndimaopa kwambiri kwathu kuno ndi moto. Nthawi yozizira aliyense amakhala chifupi ndi mbaula, ndipo ndaona manja ndi nkhope zambiri zopserera chifukwa munthu anagwera pamoto anthu n'kumaopa kumugwira. Asakhale okha pamoto, asapite okha kuchitsime kapena kudimba kumene kuli madzi, asakwere padenga.

Tsopano nkhani imene ndikudziwa kuti ndiyo ikukupwetekani mtima kwambiri, ya kusintha kwa khalidwe. Amuna anu anamenyetsa mphumi. Mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa mphumi ndiyo imagwira ntchito ya mabuleki a munthu. Ndiyo imamuuza kuti usayankhe choncho pali apongozi, dikira kaye, mwanayu sanachitire dala. Ndiyonso imakonza mapulani a tsiku, kuyambitsa ntchito ndi kuimaliza. M'kati mwa chigaza, pansi pa mbali imeneyi, fupa ndi lokhakhala, ndiye ubongo ukagwedezeka umakhulika pamenepo. Mabuleki akafooka, mkwiyo umene kale ankaumeza umangotuluka wonse, ndipo pakatha mphindi zochepa eni ake aiwala pamene inu mukadali kunjenjemera. Madokotala anayamba kuzindikira zimenezi kalekale. Mu 1848 ku Vermont, m'dziko la America, kapitawo wina wa ntchito ya njanji dzina lake Phineas Gage anabooledwa mutu ndi chitsulo chimene chinalowera patsaya n'kutulukira pamwamba pa mutu. Anapulumuka, ankayenda ndi kuyankhula, koma amene ankamudziwa anaona kuti khalidwe lake lasintha kwambiri. Patapita zaka anadzathanso kugwira ntchito yoyendetsa ngolo ya akavalo ku Chile.

Ndiwo zosakomazo musadzidandaule nazo, kaphikidwe kanu sikanasinthe. Timitsempha ta kununkhiza timadutsa m'timabowo tating'ono pamwamba pa mphuno kulowa muubongo, ndipo pangozi yotere timaduka mosavuta. Munthu wosamva fungo chakudya chimamukomera pang'ono, ngati mmene zimakhalira ndi chimfine chachikulu. Muwayese: atseke maso, muwanunkhize sopo kapena usipa wokazinga. Ena fungo limabwerera pakatha miyezi, ena silibwerera. Ngati silikumveka, muzisamala ndi chakudya chogona, utsi ndi petulo, poti iwo sangazimve. Tulo tambiri ndi kutopa nazonso ndi mbali ya kuvulalaku. Ubongo umene ukudzikonza umatopa ndi zinthu zimene kale sizinali ntchito, monga phokoso la ana, wailesi, anthu atatu kuyankhula nthawi imodzi. Mudzaona kuti kukalipa kwambiri kumabwera madzulo kapena pakachoka alendo.

Za apongozi ndi sing'anga, ndinene mosabisa. Mayi amene mwana wake wasintha chonchi amafuna yankho, ndipo akaona chilonda chapola koma munthu sali bwino, maganizo amathamangira kwa anthu. Musakangane nawo, mantha awo ndi a chikondi. Koma ine ndaona masiku amene amatayika kwa sing'anga, ndipo magazi a m'chigaza sadikira. Mphini za m'mutu zimangowonjezera zilonda, ndipo mankhwala omwetsa osadziwika mlingo akhoza kusanzitsa kapena kugonetsa munthu, n'kubisa zizindikiro zimene tikufuna kuziona. Njira imene ndaona ikuthandiza ndi kuitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kapena amalume awo a amuna anu, n'kuwapempha kuti mmodzi wa kuchimuna apite nanu kuchipatala. Akamva yekha kuchokera kwa dokotala, makamaka akaona chithunzi cha m'mutu ndi maso ake, ndiye amene adzakafotokozere anzake kumudzi, ndipo chala chimene chikulozedwa kwa inu chidzatsika. Mutu umodzi susenza denga, ndipo matendawa ndi denga lolemera. Mapemphero apitirire, abusa abwere kudzawaona, zimenezo sizitsutsana ndi chipatala.

Akakaonedwa n'kupezeka kuti mulibe magazi opanikiza, kapena atachotsedwa, ntchito yaikulu idzakhala ya pakhomo. Kuchira kumafulumira m'miyezi 6 yoyamba, kenaka kumapitirira pang'onopang'ono mpaka zaka ziwiri ngakhale kuposerapo. Sikuyenda mowongoka, pamakhala masiku abwino ndi masiku obwerera m'mbuyo. Tsiku lizikhala ndi dongosolo lofanana: kudzuka nthawi imodzi, kudya nthawi imodzi, kupuma pang'ono masana, osati kugona tsiku lonse chifukwa usiku tulo tidzasowa. Muziwauza chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mwachidule, wailesi itazimitsidwa. Mugule kope laling'ono azilembamo zimene mwagwirizana, ndalama zimene zalowa ndi kutuluka, ndi tsiku lobwerera kuchipatala. Foni ikhale ndi alamu ya nthawi ya mankhwala. Musawafunse mowayesa kuti "mwaiwalanso?" chifukwa manyazi ndiwo amasanduka mkwiyo. Ingobwerezani ngati mukunena koyamba. Aziyenda pang'ono m'mawa ndi munthu wina, azithandiza ntchito zopepuka monga kusankha nyemba kapena kukonola chimanga, n'kumawonjezera malinga ndi mmene mutu ukulolera. Kungokhala osachita kanthu miyezi yambiri nakonso kumachedwetsa kuchira. Kuchipatala mufunse za a mafizo, ndipo ngati pangafunike thandizo lalikulu la kuyenda kapena kugwiritsa ntchito manja, ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre.

Mkwiyo ukayamba, musapikisane nawo mawu. Tulutsani ana, tsitsani mawu anu, nkhaniyo mudzaikambe atapuma. Anawo muwafotokozere m'mawu awo kuti mutu wa adadi unapweteka m'kati ndipo ukupola, si iwo amene alakwa. Koma ndinenenso ichi: kuvulala kumafotokoza chifukwa cha mkwiyo, sikukupatsani udindo wopirira kumenyedwa. Akayamba kukweza dzanja pa inu kapena pa ana, chokanipo kaye, dziwitsani ankhoswe ndi adokotala, pakuti pali mankhwala ndi uphungu zothandiza, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit. Muzimvetseranso mawu awo. Bambo amene ankadyetsa banja n'kupezeka akungokhala pakhonde amatha kugwa mphwayi ndi moyo. Akayamba kunena kuti bola akanangofa pangozi pomwepo, musazitenge ngati zonena chabe. Bisani mankhwala a mbewu ndi a makoswe, musawasiye okha, ndipo mukauze anamwino oona za matenda a maganizo kuchipatala cha boma.

Mowa ayi, ngakhale masese a pamwambo, ngakhale anzawo atanena kuti kapu imodzi siyipha. Mowa umaitana khunyu, umalimbana ndi mankhwala ake, umafooketsanso mabuleki amene afooka kale, ndipo munthu akagwa n'kumenyetsanso mutu usanapole kuvulala kwachiwiri kumaposa koyamba. Chamba chimodzimodzi. Pa mutu wopweteka amwe Panado yekha pa mlingo umene auzidwa. Asipilini, bufeni, indosidi ndi diclofenac za m'magolosale zisiyeni kufikira adokotala atatsimikiza kuti m'mutu simukukha magazi, chifukwa zimachedwetsa magazi kuundana.

Njinga ndiye ayi, pakadali pano. Ndikudziwa kulemera kwa mawu amenewa pakhomo pamene ndiwo ndi sopo zimachokera pa njingayo, mwini wake n'kumaimba foni. Koma taganizani kugwa kwa Lachitatu kuja kutawapeza ali pa M1 tsiku la msika, kumbuyo atanyamula mayi ndi mwana, kutsogolo kukubwera thiraki. M'maiko ambiri munthu amene wagwa khunyu saloledwa kuyendetsa mpaka atakhala miyezi 6 kapena chaka chathunthu osagwanso, ndipo ine ndimalangiza chimodzimodzi. Ngakhale pakanapanda khunyu, maso ndi maganizo awo sanayambe kuthamanga mokwanira kuti aone mbuzi, dzenje ndi minibasi nthawi imodzi. Mupemphe adokotala akulembereni kalata, ndipo mlamu wanu kapena ankhoswe apite nayo kwa mwini njinga akakambirane, kaya njingayo ayambe wayendetsa wina. Musawasiye amuna anu kukambirana okha za ndalama pa nthawi ino, akhoza kuvomera zinthu zimene mawa sadzazikumbukira.

Tsiku limene adzaloledwe kukweranso, helemeti isadzachoke kumutu, ndipo ikhale yomanga lamba pachibwano. Yongoika pamutu osamanga imauluka munthu asanafike pansi, ndipo zipewa zapulasitiki za omanga nyumba zija si helemeti ya njinga. Kafukufuku amene bungwe la World Health Organization lakhala likutchula amasonyeza kuti helemeti yovala bwino imachepetsa kuvulala kwa mutu ndi pafupifupi 69 peresenti, ndiponso imfa ndi pafupifupi 42 peresenti. Helemeti imene inamenyetsedwapo kale pangozi imakhala itatha mphamvu m'kati ngakhale kunja ikuoneka yabwino, choncho ya kaunjika muzichenjera nayo. Anzawo a pasiteji amene akunenedwa kuti ndi afitiwo, ambiri a iwo akuyendanso mitu ili pamtunda, ndipo ndikanakonda mmodzi wa iwo atabwera kudzawaona amuna anu n'kumva nkhaniyi.

Inunso mayi, mwakhala gadiyani masabata 6 osapuma, mukusamala wodwala, ana, ndi kumva mawu a anthu. Pemphani mchemwali wanu kapena amayi a kumpingo adzakhale nanu masiku ena kuti mugoneko tulo. Pokonzekera ulendo wa kuchipatalawu, tengani kabuku kawo, mankhwala onse amene akumwa ngakhale achikuda ngati apatsidwa kale, bulangete, ndi zovala za masiku angapo, chifukwa akhoza kuwagoneka kapena kukutumizani ku Lilongwe tsiku lomwelo. Asakwere kabaza popita, pezani minibasi kapena galimoto, ndipo inu mukhale pambali pawo. Mukabwerako mundilemberenso zimene apeza.